A Jobu, Mesenjala Wodziwa Mizere

A Lexon Jobu anabwera m'tauni kuchokera ku Nsaru m'chaka cha 1994 atanyamula jumbo ya zovala ndi kalata ya abusa yochitira umboni kuti si akuba. Kalatayo inawapezetsa ntchito ya m'gadeni ku Area 9, kunyumba kwa a Harold Mtendere, katswiri wojambula mapulani a nyumba. A Jobu atathirira kapinga zaka ziwiri, bwana anaona kuti munthuyu saswa zinthu, ndiye anawasamutsira ku ofesi yawo ku Area 2, pamwamba pa shopu ya penti. Ine ndinawapeza komweko nditalembedwa ntchito yotayipa makalata, ndipo tinakhala limodzi zaka zambiri.

Papepala ntchito yawo inali ya umesenjala: kusesa, kuphika tiyi, kukasiya makalata. Koma panali ina imene aliyense ankaithawa, yotsuka zolembera za inki. Masiku amenewo mapulani ankajambulidwa pamanja, ndipo cholembera chilichonse chinali ndi kukula kwake kwa mzere. Inki ikauma m'kati, munthu ankamasula kansonga, kukaviika m'madzi ofunda, n'kukauzira mpaka katseguke. A Jobu ankachita zimenezi Lachisanu lililonse, zala n'kuda bii mpaka Lamulungu kutchalitchi. Palibe anawaphunzitsa kanthu, koma poona chimene ojambula akupempha ndi nthawi imene akuchipempha, anadziwa kuti khoma limafuna cholembera chonenepa cha 0.7, zitseko ndi mawindo cha 0.35, pamene miyeso imalembedwa ndi kowonda ngati tsitsi ka 0.18.

Makompyuta atafika, a Mtendere anachita mwambo. Anaitana abusa kudzapemphera, anagula zoziziritsa kukhosi, n'kulankhula pafupifupi ola lathunthu kuti ofesi yalowa m'nyengo yatsopano. Zolembera zonse anaziponya m'katoni n'kuuza a Jobu kuti akatayire kutali.

Pulani yoyamba itatuluka m'makina osindikizira, tonse tinazungulira tebulo. Mizere yonse inali yofanana: khoma, paipi, malire a poloti, zonse chimodzimodzi. Inkaoneka ngati neti ya udzudzu yoyanikidwa pachingwe. Bwana anaiyang'ana, anaitembenuza, kenako anatiuza kuti ndi mmene mapulani amakono amaonekera kunja, maso athu ndi amene sanazolowere. Kwa miyezi itatu amisiri ankaimba foni kufunsa kuti khoma ndi liti, ndipo wina ku Area 47 anamanga njerwa mizere isanu pamene panayenera kudutsa paipi ya kuchimbudzi. Bwana ankati vuto ndi magetsi ozimazima. Magetsi akayaka bwino, ankati vuto ndi amisiri osapita kusukulu.

Mwa ojambula athu munali a Rachel Efelo, mayi wofatsa amene ankadya nkhomaliro pa desiki. Tsiku lina masana, bwana ali ku City Centre ndipo anzathu atatsetserekera ku Msika wa Tsoka kukasankha kaunjika, a Jobu anaima kumbuyo kwa mpando wawo tsache lili m'manja. Anafunsa ngati makina odula chonchi anabwera ndi cholembera chimodzi chokha. A Rachel anayamba aseka, kenako anasiya. Anatsegula tsamba la zosintha, limene aliyense ankaliopa kuti akalikhudza aononga kompyuta ya bwana, ndipo anapeza mndandanda wa mitundu, uliwonse uli ndi kabokosi kolembamo kukula kwa mzere. Timabokosi tonse tinali ndi nambala imodzi, imene makinawo anabwera nayo.

Anagwira ntchitoyo masabata awiri, nthawi ya nkhomaliro yokha. A Rachel ankawerenga Chingerezi cha pakompyuta, a Jobu n'kumatchula manambala. Woyera anaupatsa makoma, wobiriwira zitseko, wofiira miyeso. Anagawa zojambula m'magulu kuti munthu azitha kubisa mapaipi akafuna kuona makoma okha, ndipo popeza wotchula anali a Jobu, maguluwo analembedwa m'Chichewa: KHOMA, ZITSEKO, DENGA, MAPAIPI, MIYESO. Anaikanso kuti miyeso yonse izituluka m'mamilimita. Atafika pa timizere tosonyeza njerwa, a Jobu anakana kukula kumene kunali m'makinamo. M'mawa mwake anabwera ndi njerwa yootcha m'jumbo, n'kuiyeza pa desiki pomwepo.

Pulani yotsatira itatuluka, khoma linaoneka kuti ndi khoma. A Mtendere anaitanitsa msonkhano n'kutiuza kuti nkhaniyi akhala akuiganizira kwa nthawi yaitali, ndipo ndi okondwa kuti antchito awo ayamba kumvetsa masomphenya awo. Dongosololo analitcha Mtendere Standard. A Jobu ndi amene anagawa tiyi pamsonkhanowo.

Zaka zinapita. Kompyuta ikatha n'kugula ina, a Jobu ankakhala pansi madzulo tisanaweruke n'kulowetsa manambala aja, chifukwa pofika nthawiyo anali ataphunzira kugwira mausi, ngakhale ankaigwira mwaulemu ngati dzira. Amisiri anazolowera mapulani athu moti ena ankawazindikira ali patali. Udindo wa a Jobu sunasinthe. Ndinawafunsa tsiku lina ngati sizinkawawawa, iwo anangoti bola mizere ikutuluka bwino, tsache sililuma.

Kenako kunabwera Fiskani, mwana wa mlongo wawo wa bwana, atachita maphunziro a miyezi isanu ndi inayi kunja. Anafika ndi satifiketi ya m'felemu ndi chizolowezi chodabwa ndi fumbi la Lilongwe ngati sanabadwire ku Kawale. Anamuika kukhala mkulu wa ojambula. Atatsegula pulani n'kuona mawu oti MAPAIPI, anagwira kumutu. Anati makasitomala a kunja akaona zoterezi adzaganiza kuti ofesi ili pansi pa mtengo. Makasitomala a kunja tinalibe, koma palibe anamukumbutsa.

Anakonza wekishopu ya masiku atatu pa hotelo ina ku City Centre. Tinadya nkhuku, tinagawidwa m'magulu, tinamata mapepala kukhoma. A Jobu ananyamula pulojekita n'kudikira panja pafupi ndi alonda, chifukwa dzina lawo silinali pa mndandanda. Tsiku lachitatu tinagwirizana mfundo ziwiri: kukhazikitsa komiti yoona za mizere, ndi kuchitanso wekishopu ina kunyanja. Komitiyo isanakumane n'komwe, Fiskani anatenga dongosolo lina pa intaneti n'kulilowetsa m'makompyuta onse Loweruka, lakale n'kulifufuta.

Lolemba a Jobu akupukuta tebulo anaona pulani yongosindikizidwa kumene. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kwa Fiskani manja ali kumbuyo.

"Bwana, chitsekochi chikulemba 35. Kale chinkalemba 900."

"Madala, izi ndi international," anatero Fiskani osadzutsa mutu. "Tiyi uja wapsa?"

A Rachel nawonso anayesa kulankhula, koma anauzidwa kuti akapereke maganizo awo ku komiti. Chimene chinachitika n'chakuti dongosolo latsopanolo linkatulutsa miyeso m'mainchi, popanda chizindikiro chilichonse chouza munthu.

Pulaniyo inali ya mayi Naphiri, amene ali ndi mashopu atatu a nsalu ku Area 2 ndipo mawu awo amamveka kutsidya la msewu ngakhale akunong'ona. Anali atagula poloti yaikulu ku Area 43, ndipo anatiuza poyera kuti akufuna nyumba yoti mnansi wawo akaiona asowe tulo. Folomani wawo, a Chipulikano, atalandira pepalalo anaona kuti chitseko cha mamilimita 35 sichingadutse ngakhale khoswe, ndiye anaganiza kuti akuluakulu asinthira ku masentimita. Anakhoma zikhomo, anakoka zingwe, anyamata n'kukumba maziko. Ntchito inatha msanga modabwitsa.

Loweruka lotsatira mayi Naphiri anafika pamalopo ndi abusa, amayi a chigwirizano okwana minibasi yodzaza, ndi wojambula zithunzi, kuti adzapempherere maziko. Pakati pa poloti yokwanira kulima chimanga chodyetsa banja chaka chonse anapeza timaenje tozungulira malo ochepa ngati khola la nkhuku za mazira. Galimoto yawo inali yaitali kuposa galaja. M'chipinda chawo chogona, munthu wamtali akanagona miyendo ili kukhonde. Abusa, amene anakonzekera ulaliki wa nyumba yomangidwa pathanthwe, anatseka Baibulo n'kuyamba kuyang'ana mitengo. Mayiwo atafunsa folomani ngati maso ake sanaone kuti china chake chalakwika, iye anavula chipewa.

"Ndinaona, mayi. Koma ine ndimamanga za papepala. Ophunzira ali ku ofesi."

Lolemba m'mawa tinamva mayi Naphiri akukwera masitepe. Anayala pulani pa desiki ya a Mtendere n'kunena kuti sachoka mpaka atapatsidwa nyumba imene anaitanitsa. Bwana anati ndi vairasi ya m'kompyuta. Fiskani anati vuto ndi folomani amene sakudziwa miyezo ya mayiko otukuka, koma atauzidwa kuti abweze manambala akale, anatsegula tsamba ili, anatseka, anatsegula lina, thukuta lili kamukamu. Mizere yake inalinso itasokonekera: denga linkatuluka lonenepa kuposa khoma, njerwa zili zazikulu ngati mabuloko. Mayi Naphiri anakhala pampando, anavula nsapato, n'kuitanitsa tiyi.

A Jobu atabweretsa tiyiyo, a Rachel anangoti, mokweza kuti aliyense amve, wodziwa zimenezi ndi amene wanyamula thireyiyo. Fiskani anadzuka pampando wake wozungulira pang'onopang'ono, a Jobu anapukuta manja ku ovolosi n'kukhala m'mphepete mwake. Sanayang'ane pepala lililonse. Anabweza miyeso ku mamilimita, anapatsa mtundu uliwonse cholembera chake, anakonza njerwa, n'kulembanso mayina a magulu aja limodzi ndi limodzi ndi chala chimodzi. Pasanathe ola pulani inatuluka, chitseko chikulemba 900.

Mayi Naphiri anafunsa kuti bambowa ndi ndani pa ofesi pano. A Mtendere, osaphethira n'komwe, anayankha kuti ndi mkulu wa zaukadaulo. Poti anali atanena pamaso pa kasitomala, anakakamizika kuwasindikizira timakadi tolembedwa udindowo. A Jobu ankatisunga m'thumba la ovolosi, ndipo ankagwiritsa ntchito kamodzikamodzi powolera zinyalala zokanirira pakona. Kusesa ndi tiyi zinapitirira, kungoti tsopano ankaitanidwa kumawekishopu, kumene ankakhala kumbuyo n'kumawodzera mwaulemu. Chaka chotsatira Fiskani anakalankhula pamsonkhano wina waukulu za ubwino wolemba magulu a zojambula m'zinenero zathu, ndipo anthu anamuombera m'manja.

A Jobu anapuma pantchito mu 2021 n'kubwerera ku Nsaru, kumene amalima anyezi kudimba. Ndinakawaona chaka chatha pa ukwati wa mwana wawo. Akazi awo, a Alinesi, anandilandira m'nyumba ya njerwa imene anamanga atapuma, ndipo polowa ndinaona kuti chitseko chapendekeka moti chimatsekeka pokhapokha munthu achinyamule pang'ono. Ndinafunsa a Jobu kuti zatheka bwanji m'nyumba ya munthu ngati iwo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundiuza chapansipansi kuti amene anamanga ndi alamu awo, ndipo iwo anaona kupendekako tsiku loyamba lomwe, koma panali pamaso pa anthu.