Tsiku Limene Sanawadule a Iggy Palenchar

Ku Struthers kulibe nyumba imene a Iggy Palenchar sanagwademo pansi pa sinki. Ndi pulambala ngati bambo awo, munthu wamfupi, wa mimba yotsogola, ndipo akawerama pantchito amayi amatulutsa ana panja chifukwa lamba wawo ndi wosadalirika. Koma mukafunsa anthu a m'chigwa muno, sakuuzani za mapaipi. Akuuzani kuti, "Iggy uja amamudula pa wailesi."

Pulogalamu imene amaimbirako foni ndi ya m'mawa, ya mpira wathu uno wogwira pamanja, wogundana mitu mutavala zisoti. Amaiyendetsa ndi Trent Hollabaugh, mnyamata wa mano oyera amene anasewerako ku koleji mpaka bondo linamukana. Nyengo ya mpira ikatha nkhani zimamuthera, ndiye amautsa mkangano womwewomwewo: mwa onse obadwira m'chigwa chino, katswiri woposa onse ndani?

Trent ndi achinyamata anzake amati Jarrod Whitlow, wa masiku ano, amene amathamanga ngati waba kanthu. A Iggy amati Casimir Dudash, amene ankasewera kanema asanafike m'nyumba zambiri, ndipo anamwalira kalekale.

Vuto ndi lakuti a Iggy sadziwa kuyamba nkhani pakati. Akaimba foni amayambira ku nyengo, n'kudutsa kufakitale ya zitsulo, kenako matope a pabwalo lakale. Asanafike pamene akupita, Trent amakhala atatopa.

"Madala," amatero Trent, "Dudash wanuyo ankathamangitsana ndi mapulambala ndi ophika buledi. Amene amamugwira Whitlow ndi zimphona zodya mpira chaka chonse. Zikomo poimba."

Batani phwa, nyimbo ya otsatsa matayala n'kulowa. A Iggy amatsala akuyankhula okha m'galimoto, foni ili kukhutu, anthu a pamaloboti akuwayang'ana.

Akazi awo a Bernadine anawalangizapo. "Inu bambo, bwanji osangoyambira kumapetoko?"

"Kumapeto sikumveka popanda koyambira."

"Ndiye mudzafa nako kumapetoko."

Mawu amenewa anawakhala mumtima. Tsitsi linali litayera, mawondo akulira pamakwerero, ndipo chimene ankafuna kunena chigwa chonse chikumva chinali chisanatulukebe pakamwa.

Januwale wina kunazizira moti agalu ankakana kutuluka. Mapaipi anaphulika tauni yonse, mapulambala akuthamangathamanga. M'mawa mwake foni inalira, mayi wina akupempha mwachangu: paipi yang'ambika kudenga, madzi akudontha pafupi ndi makina. A Iggy atamva kuti akuitanidwa kunyumba ya wailesi ija, anasiya khofi wosamwa, n'kuvala malaya ochapa.

Anafika pulogalamu ili mkati. Mayi uja, Charlene, amene amalumikiza mafoni a omvera, anawalowetsa chala chili pamlomo. Trent anali pampando wake, ndowa ili pambali, akuyankhula za Whitlow. A Iggy anakwera makwerero, anachotsa bolodi la kudenga, anapeza pong'ambika, n'kupakulunga ndi labala, dzanja lili pomwepo. Madzi anasiya. Panthawi ya otsatsa malonda Trent anayang'ana m'mwamba.

"Mwatipulumutsa, achimwene. Zitheka?"

"Zitheka. Kungoti kunja kwazizira ngati chaka chimene fakitale inatseka ng'anjo yachiwiri."

Trent anachotsa zomvera kukhutu pang'onopang'ono. Mawu amenewo ankawadziwa. "Charlene, amene waitanawa ndi ndani?"

"Ndi yekhayo anayankha foni," anatero Charlene, akudziluma mlomo.

"Ndine Iggy wa ku Struthers, mwana wanga. Dinani batani lanu lija tione ngati limafika kudenga kuno."

"Madala, mangani paipiyo kaye."

"Ndimanga. Koma ine pakamwa pakatsekedwa, dzanja limachita dzanzi." Anafewetsa chala chimodzi. Dontho linagwa pakati pamutu pa Trent, pomwe tsitsi layamba kumuthawa.

Otsatsa malonda anatha. Charlene, amene ndikukhulupirira kuti kumwamba malo ake alipo kale, anakweza maiki pamtengo wake mpaka inafika pachibwano cha a Iggy, n'kuyatsa getsi lofiira losonyeza kuti omvera akumva.

Anayambira ku nyengo. Trent anatseka maso. Anadutsa kufakitale, kumene Dudash ankatuluka Loweruka masana nkhope ili bii, n'kupita kubwalo osagona. Anafika pamatope. Anati masiku amenewo munthu sankatuluka m'bwalo mpira ukapita kwa adani. Yemweyo wothamanga nawo ndiye ankatembenuka kukagwetsa anzake, mpaka wenzulo yomaliza. Anati Whitlow amathamangadi, palibe wokana, koma akangopuma mwamphamvu anthu atatu amamuthamangira ndi madzi, ndipo ukamugwira molakwika pang'ono woyimbira amakuponyera kansalu ka chilango.

"Komabe ankasewera ndi mapulambala," anatero Trent, mwachizolowezi, chala chikufufuza batani lopanda ntchito.

"Eya. Pamenepo ndiye ndakhala ndikubwera zaka zonsezi." A Iggy anasendeza pakamwa pafupi ndi maiki. "Mmodzi mwa mapulambala amenewo anali bambo anga, a Florian Palenchar. Tsiku lina Dudash anadutsa anthu onse, kutsala iwo okha. Anamudumphira m'miyendo. Phewa la bambo linathyoka, koma sanasiye. Dudash anawakoka ngati thumba la malasha, n'kugwa mzere wa chigoli ali pafupi kuukhudza. Lolemba bambo anapita kuntchito ndi dzanja limodzi, ndipo Dudash anabwera kudzawanyamulira bokosi la zipangizo mpaka anachira. Munthu mumamuyeza ndi amene anamuima kutsogolo, ndipo amene anaima kutsogolo kwa Dudash sanali anthu oti muziwaseka m'mawa uliwonse."

Trent anakumbukira kuti wailesi siikhala chete.

"Mwamaliza, madala?"

A Iggy anaganiza kaye, ngati munthu amene akufufuza makiyi m'matumba onse. "Ndamaliza."

Magetsi a mafoni anayaka onse nthawi imodzi. Trent anati iye akadali kwa Whitlow, koma za mapulambala wazisiya, ndipo a Iggy anamanga paipi ija akuimba kamluzu. Woyamba kulumikizidwa anali a Bernadine, amene anangoti, "Ndamva, bambo. Pobwera mugule mkaka." Wachiwiri anali gogo wina wa ku Campbell, mawu akunjenjemera.

"Ine ndinalipo tsiku limenelo. Florian anamugwetsadi, ndinaona ndi maso angawa. Koma Iggy wanama pa chinthu chimodzi: kunalibe matope. Nthaka inali itauma gwa ndi chisanu."

A Iggy anatsika makwerero mofulumira kuposa mmene mawondo awo amalolera, anakoka mpando wa alendo, n'kukhala pafupi ndi Trent.

"Charlene, agogowa musawadule. Tiyambe ndi nyengo ya tsiku limenelo."