Makhadi a Makatoni a Sopo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, achimwene anga a Rashidi atangoyamba ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Anagula foni yakale, yong'aluka pakona, koma yolowa pa intaneti bwinobwino. Kuntchito sankaloledwa kugwira foni, choncho masana ankandisiyira ine.

M'fonimo munali gemu ya makhadi. Sanali makhadi wamba aja a m'golosale ayi. Lililonse linali ndi chithunzi chake: asilikali, agalu, asing'anga, zilombo. Ukapambana, gemu inkakupatsa makhadi atsopano, ndipo pa onse amene watolera unkasankha makumi atatu okamenyera nkhondo. Mulu umenewo tinkautcha deki. Ndi dekiyo unkalimbana ndi munthu amene sukumuona, mwina ali ku Lilongwe, mwina kunja kwa dziko. Ndikaweruka ku madrasa ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa loji, pamene netiweki yawo inkadumpha mpanda, n'kumasewera mpaka batire kufiira.

Tsiku lina ndinapata khadi losowa, Chinjoka cha Moto, lonyezimira ngati ndolo za mkwatibwi. Ndinasonkhanitsa makhadi onse akuluakulu amene ndinali nawo n'kupanga deki ya zimphona zokhazokha. Masiku omwewo gulu lathu la osewera a ku Salima, limene tinkachezerana pa foni, linakonza mpikisano wa Loweruka. Atatu opambana anayenera kukakumana ndi gulu la ku Lilongwe. Nditalembetsa dzina, mnyamata wina wodzitcha Mkango wa ku Chitala analemba kuti, "Atsikana akasewere fulaye." Ndinalumbira mumtima kuti ameneyo ndimuonetsa.

Koma mayi anandipezerera ndisanamuonetse. Anasuzumira pa foni ndili pakhonde, n'kugwira pakamwa.

"Makhadi, Zainabu? Njuga m'nyumba muno? Haramu imeneyo! Pita kwa amalume ako ukawauze wekha zimene ukuchita."

Amalume a Sayidi, alongo awo a mayi, ankakonza injini za maboti m'kashedi ka malata pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Munkanunkha petulo wosakanikirana ndi nsomba. Pakhomo panali mgolo wodzaza madzi akuda ndi oilo, ndipo m'mphepete mwake ankapachikamo injini. Anandimvetsera akupukuta manja ndi sanza.

"Mumabetcherana ndalama?"

"Ayi, amalume."

"Nanga wopambana amapeza chiyani?"

"Dzina basi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Amalume anali katswiri wa bawo, ndipo masewero alionse ankawayabwa m'manja. Anati ndiwaonetse, koma kushediko netiweki kunalibe. Ndiye anatulutsa makatoni a sopo ndi lumo. Tinadula timapepala makumi asanu ndi limodzi, ine n'kumakopera dzina ndi manambala a khadi lililonse. Ndinatenga deki yanga ya zimphona. Iwo ndinawapatsa makhadi amene ndinkawanyoza: tiagalu, oponya mivi, asing'anga ochiritsa mabala.

Lamulo la gemuyo linali lakuti khadi lililonse limafuna mphamvu kuti uliponye, ndipo mphamvuyo imakwera pang'onopang'ono, ulendo uliwonse kamodzi. Khadi laling'ono ungaliponye poyambirira pomwe, koma chimphona chimafuna kudikira. Ine ndinkalidziwa lamuloli, koma ndi amalume amene analimvetsa. Pamene ndinkadikira, manja odzaza ndi zimphona, tiagalu tawo tinkandiluma mbali zonse. Anandigonjetsa. Tinabwereza, anandigonjetsanso. Mawa lake chimodzimodzi, munthu woti foni yake inali ya mabatani.

Lachiwiri anandifunsa kuti, "Khadi ukulisisita ndi chalalo ndi liti?"

"Chinjoka."

"Chiyambire dzulo waliponya kangati?"

"Kamodzi," ndinayankha motsitsa. Kenaka misozi inalengeza. Ndinati ndi tsoka chabe, makhadi akubwera molakwika, ndipo makatoni si gemu yeniyeni.

Anadzuka, n'kukoka chingwe cha injini imene inali mu mgolo. Inalira, madzi anawinduka, kenaka inatsokomola n'kuzima.

"Mwini wake akuti ilibe vuto, akufuna ayitenge lero," anatero. "Ikazima muno, ine ndimaseka n'kutenga sipanala. Ikazima pakati pa nyanja mwera ukuwomba, kumudzi kumagwa maliro. Iwe ukugonjera mu mgolo, mwana wa mlongo wanga. Gonja muno mpaka upeze chimene chikutsokomola."

Kuyambira pamenepo tinasiya kusewera kuti tione wopambana. Tikamaliza gemu, ankandiuza kuti ndiyale pansi makhadi amene atsala m'manja osaponyedwa. Anali omwewomwewo. Ndinafuna kusintha deki yonse tsiku limodzi, koma anakana. Anati munthu akasintha pulagi ndi paipi nthawi imodzi, injini n'kulira, sadziwa chimene chinali chovuta. Choncho tinkachotsa khadi limodzi, kulowetsa lina, n'kusewera kasanu. Zimphona zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, m'malo mwake n'kulowa oponya mivi ndi asing'anga amene kale sindinkawawerengera. Asodzi obwera kudzatenga injini zawo ankaima n'kumaonerera, ena n'kumandilangiza zinthu zimene sankazidziwa n'komwe.

Lachinayi panatsala Chinjoka chokha. Amalume anangochiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Ndinachichotsa ndekha. Kunali kuwawa ngati kuzula dzino, ngakhale kanali kapepala ka katoni kolembedwa ndi bolopeni.

Lachisanu atabwera ku mapemphero a Juma ndinawagonjetsa katatu motsatizana. Anayamba kudandaula kuti mphepo yawatembenuzira makhadi, asodzi n'kumawaseka. Madzulo ake anapita kwa mayi kukawauza kuti si njuga, ndi bawo la ana a masiku ano.

Loweruka m'mawa ndinakhala pansi pa mango paja, foni itadzaza moto. Amalume anabwera ndi kampando kawo, atatseka shedi. Mayi nawo anatulukira, akuti adzaone ndi maso awo ngati sipadutsa ndalama. Gemu yoyamba ndinapambana, yachiwirinso. Yachitatu ndinakumana ndi mnyamata wa m'tauni wodziwa kwambiri, ndipo anandigonjetsa mosavuta. Panatsala malo amodzi, achitatu, ndipo wolimbirana naye anali Mkango wa ku Chitala.

Gemu inayamba. Ulendo woyamba Mkango sanaponye kanthu. Wachiwiri, ziii. Amalume anandinong'oneza kuti, "Ameneyu wasunga zimphona m'manja. Ukumudziwa, ndi iwe wa Lolemba." Ndinatulutsa tiagalu, kenaka oponya mivi, osamupatsa mpata wopuma. Pamene mphamvu zake zinakwana n'kuponya chimphona choyamba, moyo wake wa m'gemumo unali utatsala kadontho. Muvi umodzi unamaliza nkhani.

Mayi, amene sankamvetsa chilichonse cha pa foniyo, ataona amalume adumpha anayimba nthungululu mpaka mlonda wa pa loji anasuzumira pampanda. Mkango analemba kuti ndi mwayi chabe. Patapita kanthawi analembanso, payekha, kufunsa kuti deki yanga ndinaipanga bwanji. Ndinamuuza kuti afune makatoni a sopo.

A ku Lilongwe anatikwapula tonse atatu sabata yotsatira, koma zimenezo sizinandiwawe. Ndinabwerera kushedi ndi mayina a makhadi amene anandigonjetsa, amalume n'kutulutsanso lumo.

Nditakula ndinawafunsa ngati sankandimvera chisoni masiku aja ndinkalira. Anati ankandimvera, ndipo kangapo konse anaganiza zogonja dala kuti ndisangalale. "Koma ndikanakunamiza," anatero, "ukanapita Loweruka ukukhulupirira bodza langa."

Pa zaka zimenezo ndinkaganiza kuti munthu wokukonda ndi amene amakuombera m'manja. Lero ndikudziwa kuti alipo wina wosowa kuposa ameneyo: amene amasiya ntchito yake, kukhala nawe pansi, n'kukugonjetsa moona mtima tsiku lenileni lisanafike. Mwana wa achimwene, Amina, wayamba kusewera chaka chino, ndipo wapanga deki imene akuti palibe angaigonjetse. Dzulo ndinamugonjetsa kanayi, anakwiya mpaka kukana tiyi. Mawa abweranso, ndikudziwa, ndipo sindimugonjera dala.