A Disolimodzi ndi Mchere wa Makona

Mumsewu wawo ankangowatchula kuti a Disolimodzi, chifukwa kagalasi kokuzira zinthu sikankachoka padiso lawo lamanja. Ankakonza mawotchi m'kachipinda ka pansi pa masitepe, ndipo ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse chaulemu wake chimakhala chozungulira.

Tsiku lina akudya dzira kunyumba, anaiwala kuvula kagalasiko. Atasuzumira mchere umene unali pambale, anaona kuti kanjere kalikonse ndi kabokosi, makona ali chilili.

"Mayi a ana, mcherewu mwagula kuti? Akupusitsanitu. Ndi wamakona!"

"Idyani, bambo," anatero akazi awo osacheuka n'komwe.

Sanadye. Anatenga kahamala n'kuphwanya kabokosi kamodzi, koma kanangobala timabokosi tina. Anasungunula mcherewo m'madzi n'kuthira m'chivundikiro chozungulira cha wotchi kuti utengere chitsanzo. Madzi ataphwa, mabokosi aja anabwerera, ena atanenepa.

Alamu awo, omwe ankaphunzitsa sayansi, anayesa kuwakhazika mtima pansi.

"Alamu, mcherewu ndi mtundu wa mwala. M'kati mwake tizidutswa tinandandalikana m'mizere ngati mipando ya m'kalasi, ndiye ukamasweka umatsata mizereyo. Simungaunyengerere."

"Anaundandalika ndani osandifunsa?"

"Nanga kwatsi, kamwala koyendetsa mawotchi anuwa? M'thanthwe kamamera ndi mbali zisanu ndi imodzi."

"Basi, alamu. Zamwanozo kanenereni kwanu."

Kuyambira pamenepo mawotchi a anthu anaima. Wobwera kudzatenga yake ankawapeza atawerama, atapana kanjere ka mchere ndi kachitsulo, akukapala makona ndi tupa. Kena kankathetheka, kena kankauluka akayetsemula. Akazi awo anayamba kukasungitsa mchere kwa aneba.

Tsitsi litachita mbuu, kanjere kamodzi kanalola. Kanazungulira bwinobwino, kosalala ngati diso la nsomba. Anakaika pakansalu kakuda n'kuitana banja lonse, ndi alamu omwe. Atatsegula pakamwa kuti alankhule, msozi wachimwemwe unagwera pakanjere pomwepo. Kanasungunuka onse akuona.

M'mawa mwake pansalupo panali patauma. Anasuzumira ndi kagalasi kaja: timabokosi mbwee, kuposa mchere umene anaikapo.

"Enawa achokera kuti?"

"M'maso mwanumo," anatero alamu. "Misozi ili ndi mchere."

A Disolimodzi anadzigwiragwira m'masaya.

"Ndiye kuti ndi achibale," anatero motsitsa mawu. "Mayi a ana, kawatengeni ena aja kwa aneba. Asamagone kwa eni."