Amalume Pansi pa Chibaluni

Kamera ya amalume inali yakuda, yolemera ngati njerwa, ndipo lamba wake atadulika anamangapo kansalu kong'amba pa chitenje chakale cha amayi. Inali ya filimu, ya masiku aja munthu unkajambula lero n'kukadikira kusitolo kuti akutsukire zithunzi. Ankaiuzira mpweya pagalasi n'kuipukuta ndi mpango woyera, ndipo ine ankangondilola kununkhiza kachikwama kake kachikopa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala atatu m'kanyumba ka m'mwamba ku Wheaton, ku America: ine, amayi, ndi amalume, achimwene awo a amayi.

Ntchito ya kamera ija inali imodzi, kudyetsa maso a agogo ku Limbe, amene anabereka amayi ndi amalume. Agogo anali telala, ndipo chithunzi sankachiyang'ana monga anthu ena. Ena ankasirira galimoto imene munthu watsamira kapena chipale chofewa chimene waimapo, koma iwo ankayeza. Ankaona phewa, khosi ndi chiuno, kenako n'kukhala pa makina. Aliyense wa kumpingo kwathu akamapita kumudzi ankanyamula zithunzi zathu, pobwera n'kutibweretsera zovala. Sindikumbukira diresi langa ngakhale limodzi limene linafunika kubweza kapena kumasula.

Chaka chimenecho amalume anadwala khansa ya m'mimba. Ine ankandiuza kuti atopa ndi mashifiti, ndipo ndinakhulupirira, poti ntchito yawo ku Alexandria inali yonyamula nkhalamba kuzichotsa pabedi n'kuzikhazika pampando. Munthu amene ankanyamula anzake tsopano ankapumira panjira pokwera masitepe a nyumba yathu. Lamba wa thalauza anamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Agogo sanauzidwe kanthu, chifukwa anali ndi nthenda yothamanga magazi, ndiponso anali ataika kale m'manda mwana wawo wina wamwamuna. Koma nkhani sigona, ndipo winawake anakawanong'oneza kuti mwana wawo ku America sakuoneka bwino. Pa foni anangoti, “Mawu amanama. Ndikufuna chithunzi chako.”

Mayi wina wa kumpingo anali pafupi kunyamuka ulendo wa ku Blantyre. Kupanda kutumiza chithunzi kukanakhala kuvomera mphekesera ija, ndipo kutumiza chithunzi cha nkhope kukanakhala kudzutsa nthenda ya agogo. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo ndinkangoona kuti kamera yakhalitsa pa shelefu, ndipo amayi ndi amalume amasiya kulankhula ndikalowa.

Amene anatsegula njira, osadziwa n'komwe, anali aphunzitsi anga. Tsiku lina anakhoma pakhoma chithunzi cha zibaluni zikuluzikulu zouluka ndi mpweya wotentha, chilichonse chili ndi dengu lolendewera pansi lokweramo anthu. Anati masamba akayamba kufiira, anthu amakaziulutsa kuminda ya kuseri kwa mapiri a ku Virginia. Ndinafika kunyumba ndikubwebweta za zibalunizo m'Chingerezi chokhachokha. Amalume, amene anali chigonere pa sofa, anadzuka pang'onopang'ono n'kundifunsa, “Chimakhala chachikulu bwanji?” Nditawauza kuti chimaposa nyumba yonse imene tinkakhalamo, anayang'ana amayi kwa kanthawi n'kunena kuti Loweruka tipita.

Ulendo woyamba tinaukonza mwachimalawi, ndipo unatithera mwachimalawi. Amayi sakhulupirira ulendo wopanda chakudya. Anakazinga nkhuku, anaphika mpunga, anapanga mandasi, kenako anati tiyi wa m'fulasiki wazizira, aphikenso wina. Popeza kunali kokajambulitsa, tinavala za kutchalitchi: ine diresi loyera ndi nsapato zogogoda, amayi duku lalikulu lowala. Tinafika dzuwa lili paliwombo. Tinapeza munda waukulu wopanda kanthu, udzu wopondedwapondedwa, ndi bambo wina wachizungu akupinda mipando. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kutifotokozera mwaulemu kuti zibaluni zimanyamuka mbandakucha mphepo isanadzuke, ndipo za madzulo azilepheretsa chifukwa kunja kunali kukuwomba.

Tinadyera nkhuku yathu pa boneti ya galimoto, ng'ombe za eni munda zikutiyang'ana. Amayi sanavomere kulakwa, ndipo mpaka lero savomera. “Ndiye munkafuna tikaone zibaluni ndi njala?” anatero. Amalume anaseka mpaka kugwira pamimba, koma chakudya sanachikhudze. Pobwerera anagona mutu uli pawindo, ndipo ndinamva amayi akuwerengera okha kuti kwangotsala Loweruka limodzi mayi wa kumpingo uja asananyamuke.

Loweruka lotsatira tinanyamuka kusanache, mandasi adzulo ali m'pepala. Amayi ndiwo ankayendetsa. Amalume anavala majuzi awiri, pamwamba pake chijekete chimene anabwereka kwa mnansi wathu wa ku Lusaka, bambo wonenepa woyendetsa basi. Panjira tinaima kuti amalume asanze, ndipo amayi anati tibwerere, koma iwo anapukuta pakamwa n'kuloza kutsogolo. Ndimakumbukira fungo la m'galimoto muja, la mafuta opaka pachifuwa ndi tiyi wa mandimu, ndiponso kuwala kofiirira kumene kunayamba kutuluka kumbuyo kwathu tikukwera mapiri.

Zimene tinapeza kumunda kuja kukongola kwake sindinakuonenso, ngakhale ndayenda malo ambiri chikulire. Udzu unali woyera ndi chisanu, ukulira pansi pa nsapato. Zibaluni zinali zoyalidwa pansi ngati nsalu zoyanika, zazitali kuyambira pano mpaka uko, zofiira, zobiriwira, zamizeremizere. Anthu ankagwira kukamwa kwa chilichonse, chimakina chopemerera chikukankhiramo mphepo, ndipo nsalu ija inkayamba kupuma, kutukumuka mbali imodzi, kenako inayo. Ndiye kunabwera moto. Unkabangula kuchokera m'dengu, kutentha kwake n'kufika pamasaya panga ndili patali, ndipo chibaluni chonse chinkawala m'kati ngati nyali ya galasi. Chinkadzuka mwaulesi, n'kuima njo pamwamba pa mitengo.

Amalume anasanduka munthu wina. Anagwada pa chisanu, anagona chammbali, anadzuka, kamera ili kumaso. Sankawononga filimu. Ankadikira mpaka moto uyake m'kati mwa chibaluni, ndipo pokhapo chala chinkatsika. Anajambula amayi ataphimba kukamwa ndi dzanja, anajambula ine nditayang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa. Ndinali ndisanawaonepo akuyenda mwachangu chotero chiyambire chilimwe.

Kenako anachita chimene anali asanachitepo. Anavula kamera m'khosi mwawo n'kuikoleka m'khosi mwanga. Anandionetsa poyang'anira ndi podina, n'kundiimika pafupi ndi mpanda. Iwo anayamba kuyenda kulowera ku chibaluni china chofiira ndi chachikasu chimene chinali pafupi kunyamuka. Anayenda, nayendabe, mpaka m'kagalasi koyang'anira muja anatsala ngati chala changa chaching'ono. Ndinakuwa kuti abwere pafupi, nkhope sikuoneka. Anakuwa mobweza, “Chibaluni chonse chilowe! Usachidule mutu!”

Ndinakwiya nawo, ndisaname. Mwayi wanga woyamba wogwira kamera, iwo n'kukaima kutali ngati munthu wongodutsa. Amayi anaima kumbuyo kwanga, manja awo ali pamapewa panga. Anandinong'oneza kuti ndisafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Moto unabangula, dengu linasiya udzu, amalume anakweza dzanja lawo m'mwamba, ndipo ndinadina.

Zithunzi tinakazitsukitsa kusitolo ya m'chimsika chachikulu cha ku Wheaton. Changa chinatuluka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera: chibaluni chadzaza pepala lonse, thambo lili buluu kumbuyo, ndipo pansi pake kamunthu kojintcha ka chijekete kakubayibitsa. Amayi ndi amalume anachiyang'ana nthawi yaitali pawindo, akupatsirana. Pomaliza amalume anati, “Ichi chipite.” Mayi wa kumpingo uja anachinyamula pamodzi ndi zina zonse.

Zithunzi zitafika tinaimba foni, ndipo amayi anaiika pokweza mawu kuti tonse timve. Agogo analankhula za chibaluni chokhachokha. Anafunsa kuti nsalu yake ndi ya mtundu wanji kuti isapse, amasoka ndani, ndi ulusi wanji umene ungagwire chinthu chotere mumlengalenga. Anati makasitomala awo onse achiona, ndipo ena akukana kuti si zoona. Za thupi la amalume sananenepo ngakhale liwu limodzi. Foni itadulidwa amalume anawomba m'manja kamodzi n'kutsamira, ndipo madzulo amenewo anadya phala mbale yonse.

Lero ndikamaganiza za munthu amene uja, ndimamusirira. Akanatha kunena kuti kamera yawonongeka, kapena kutumiza chithunzi chakale. Koma amayi awo anapempha kuwaona, ndipo iwo anayenda ulendo wautali kawiri, akudwala, kukafuna chinthu chachikulu ndi chokongola choti aime pansi pake, kuti maso a nkhalamba akhale ndi kwina koyang'ana. Bodza la mtundu umenewo ine sindilitcha bodza.

Mayi wa kumpingo uja anabwerera Khirisimasi itayandikira, kunja kukuzizira kale kwambiri. Anatipatsira phukusi lathu pakhomo pa tchalitchi, lomangidwa ndi tinsalu totsala posoka, likununkha sopo ndi mafuta a makina. Tinalimasulira kunyumba. Munali diresi langa lamaluwa, bulauzi ya amayi, ndipo pansi penipeni shati ya amalume, yabuluu, ya manja aatali. Ndinaitambasula m'mwamba n'kuyamba kuseka. Inali yaing'ono, yonga ya mwana wa sekondale. Ndinati agogo alakwitsa tsopano, maso ayamba kuwanamiza, mwina asokoneza ndi ya kasitomala wina.

Palibe anaseka nane. Amalume anaitenga m'manja mwanga, anavula juzi lawo pomwepo, n'kuivala. Anamanga mabatani kuyambira pansi mpaka pakhosi. Phewa linakhala paphewa, kolala inagwira khosi popanda mpata, ndipo manja anathera pamene dzanja limayambira. Anaimirira pakati pa chipinda, akusisita nsalu ija pachifuwa, n'kungoti, “Amayi anga aja.” Amayi analowa kukhitchini n'kutsegula mpopi, madzi n'kumangotayika, mbale zoti atsuke palibe.

Sindikudziwa chimene agogo anaona pa kamunthu kaja, kaya ndi mkono umene unatuluka m'chijekete pobayibitsa, kaya ndi kutalika kwa malo amene mwana wawo anasankha kuimapo. Sanatiuzepo, ndipo amalume sanawafunse. Pa foni anapitiriza kucheza za zibaluni nyengo yonse yozizira ija, wina akufunsa, wina akufotokoza.

Koma tsiku limenelo ine ndinali wonyada zedi. Ndinkaganiza kuti shati yakwana chifukwa ndinajambula bwino, sindinagwedeze dzanja, ndinadekha monga anandiuzira. Ndinatsatira amayi kukhitchini, ndikuwakoka chitenje, kuwafunsa chifukwa chake palibe amene akundiyamikira.