Dzenje la Bambo Linatsala Kutsidya

Ndinadzuka kusanache, mvula ikugundabe malata. Amayi a kutchalitchi amene anachezera kuimba anali atasasa mawu, ndipo kuseri utsi wa nkhuni zonyowa unkaliza anthu kuposa malirowo.

Bambo anga anali mkamwini m'mudzi mwathu. Kwawo ndi kutsidya kwa mtsinje. Akudwala anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndikawaike pafupi ndi amayi awo, ine ndinavomera. Adzukulu a kumeneko anali atakumba kale dzulo lake.

Mtsinjewo bambo ankaudziwa bwino. Pamene Mwanza ndi Neno linali boma limodzi, iwo anali kapitawo wa misewu, ndipo gulu lawo linaimika zipilala za mlatho pamenepo. Boma litagawidwa, mtsinje unasanduka malire, gulu lija linabalalika, zipilala n'kutsala choncho. Ankakonda kuseka kuti kwawo kunasamuka boma iwo ali m'tulo.

Anthu anabwera ambiri, matope mpaka m'mawondo. Titapemphera tinanyamuka, amuna akulandirana bokosi pamapewa. Mkokomo tinaumva tisanafike. Madzi anali ofiira, akukokolola mitengo ndi mapesi, zipilala zikungooneka mitu. Kutsidya abale a bambo anaima ndi makasu awo, tikuonana bwinobwino.

Tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Bokosi analitsitsa pansi pa mtengo, ntchentche n'kuyamba kulizungulira. Aliyense ankandiyang'ana mobera ngati mvulayo ndinaiitana ndine, ndipo zinandikwiyitsa. Kubwerera sindinkafuna, koma kuwoloka kunali kupha anthu.

Mng'ono wa bambo anandiimbira foni ali kutsidyako.

"Mwanangu, mtembo sudikira madzi. Kawaikeni kwanuko."

"Nanga dzenjelo, bambo aang'ono?"

"Dzenje siligona lopanda kanthu. Tiikamo thunthu la nthochi."

Ndinangoti chabwino, mtima ukuwawa. Tinatembenuka. Anyamata a kwathu anakumba mothamanga, ndipo bambo tinawaika pakati pa apongozi awo, anthu omwe ankawapatukira panjira moyo wawo wonse.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Mvula inali itakata. Amayi anga anakhala pamphasa, kenako anati, "Mawa madzi aphwa."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Pafupi ndi agogo, pamalo pamene ndinawalonjeza bambo, panagona nthochi.