Malangizo a Apongozi Anadzera kwa Thole

Mwana wanga woyamba anabadwa ndi njala ya munthu wochokera kudimba, koma kuyamwa sankakudziwa. Nanenso kuyamwitsa sindinkakudziwa. Ndinkangoti ukamupatsa bere basi zatheka, monga ndinkaonera amayi ena m'minibasi za ku Boma, mwana ali pabere iwo akukangana ndi kondakitala. Kwa ine sizinatero. Kamwanako kankangogwira kunsonga n'kumatafuna, moti pofika sabata yachiwiri mawere anga anali atang'ambika. Kakangoyasamula, ine misozi inali itayamba kale.

Ndinali pachitengwa, kwawo kwa amuna anga cha ku Kasinje. Amayi anga atamva, anabwera kuchokera ku Champiti atasenza thumba la chinangwa. Mankhwala a mkaka iwo ankadziwa amodzi okha: chinangwa chachiwisi, kutafuna mpaka nsagwada zilire. Apongozi anga aakazi analiyang'ana thumbalo, n'kutsonya chapansipansi, n'kukatereka thobwa mumphika waukulu uja timaphikira pamaliro.

"Mwana wanga, ine ndalera ana asanu ndi awiri ndi chinangwa chomwechi," anatero amayi.

"Ife kuno ndi thobwa," anayankha apongozi akundiyang'ana ine. "Taonani amuna anuwo mmene anakulira."

Amuna angawo, pepani, anali owonda ngati bango. Ndinkatafuna chinangwa amayi akuona, n'kumwa thobwa apongozi akuona. Ine ndinayamba kunenepa mpaka chitenje kuvuta kumanga, mwana akungowonda.

Tsiku la sikelo namwino anamuyeza kawiri, kenako anandiyang'ana. "Mayi, mwanayu watsika. Mubwere sabata yamawa. Akatsikanso tikugonekani kuchipatala." Anandifinya bere pang'ono, mkaka n'kuthovokera pa yunifolomu yake. "Mkaka muli nawo wambiri. Vuto ndi kagwiridwe ka mwana." Panja mzere unali utafika kumtengo, ndiye analibe nthawi yokhala nane. Anandiuza za mayi wina wodzipereka wa kutsidya kwa mtsinje wathu, amene anaphunzitsidwa zothandiza amayi oyamwitsa. "Sankhani munthu mmodzi, mumumvere yekhayo," anatero.

Ndinabwerera ndili ndi mantha enieni. Kamwana kanali kumbuyo kwangaku, koma sikankalemera n'komwe.

Nditafotokoza kunyumba, amayi ndi apongozi anagwirizana kwa nthawi yoyamba chibadwire.

"Kamtsikana kaja?" anatero apongozi. "Ana ali nawo awiri okha."

"Ndamva kuti kuyamwitsako anaphunzirira pa bere losoka ndi nsalu," anawonjezera amayi.

Anaseka mpaka kuombana m'manja. Amuna anga anangoti, "Zimenezo ndi za amayi," n'kumangirira thumba la kachewere panjinga, ulendo wa kumsika. Munthu sanapalasepo njinga mwachangu chotero.

Ndinatsala ndekha ndi chisankho changa. Ndikasankha amayi, apongozi ndi amene ndidzatunge nawo madzi moyo wanga wonse. Ndikasankha apongozi, amayi abwerera ku Champiti akulira, mudzi wonse umve kuti mwana wawo wawakana. Ndikasankha wa kutsidya, ndalakwira onse awiri. Masiku atatu anatha ndikungotafuna ndi kumwa, mwana akulira ndi mawu omka nachepa.

Tsono panali apongozi aamuna. Kwathu kuno mkamwana ndi apongozi aamuna sachezerana. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada nditayang'ana kumbali, iwo n'kupereka moni ngati akupatsa mtengo. Chaka chonse ndili pamudzipo tinali tisanayankhulanepo zoposa moniyo. Nanga mawu oti bere akanatuluka bwanji pakati pa ife awiri?

Mmawa wa tsiku lachinayi ndinamva ng'ombe ikulira pawindo panga penipeni. Nditasuzumira, ndinaona apongozi aamuna akumangirira ng'ombe yawo yamkaka pamtengo wa mapichesi, thole lake lili pambali. Khola linali kutali, kuseri kwa nkhokwe.

"Ng'ombe pakhomo pa mwana wakhanda, zatani?" anafunsa akazi awo ali pakhonde ndi amayi anga.

"Udzu wa pano ndi wabwino," anayankha. Pabwalopo panali posesa, popanda ndi kaudzu kamodzi komwe.

Kenako anakhosomola, n'kulifulatira windo langa, n'kuyamba kulilangiza thole mokweza ngati ali pamsonkhano wa mpingo.

"Iwe thole, tamvera. Amako mkaka ali nawo wodzadza. Vuto ndiwe, ukugwira kunsonga kokha. Yasamula, ulowetse lonse."

Tholelo linali lonenepa lowala, likuyamwa bwinobwino, thovu lili mbuu kukamwa. Linawayang'ana ngati likudabwa kuti lalakwanji.

"Ndipo umve," anapitiriza. "Ine ng'ombe yanga ikadwala bere sindifunsa amene amaikonda kwambiri. Ndimaitana amene anaphunzira, ngakhale akhale mwana wadzulo. Wofuna kukwiya akwiyire ine mwini khola."

Pakhonde paja amayi anayamba kusenda chinangwa chosenda kale. Apongozi aakazi anaitana nkhuku zomwe panalibe. Ine ndinaseka ndi misozi yomwe, n'kubereka mwana, n'kudutsa pakati pawo ulendo wa kutsidya. Palibe anandifunsa komwe ndikupita.

Mayi wa kutsidya uja analidi wamng'ono, ndipo bere la nsalu analidi nalo, la chitenje chobiriwira. Koma analiika pambali. Anandikhazika pamphasa, n'kutembenuza mwana kuti mimba yake igunde yanga. Anandiuza kuti ndimukhudze pamphuno ndi nsonga ya bere, ndidikire ayasamule kwambiri, kenako ndimukokere kwa ine msanga m'malo mowerama ine. Tinalephera kangapo. Kenako anagwira lonse, ululu uja n'kuchepa, ndipo ndinamumva akumeza. Masabata onsewo ndinali ndisanamumvepo mwana wanga akumeza.

"Nanga chinangwa ndi thobwa?" ndinafunsa.

"Idyani, mukhute," anatero. "Kungoti mwana sayamwira pakamwa panu."

Anabwera kwathu masiku atatu otsatizana, amayi ndi apongozi akumupatsa moni wa m'mano. Tsiku la sikelo litakwana, namwino anangoyeza kamodzi. Mwana anali atakwera. Amayi anauza anthu kuti ndi chinangwa, apongozi anati ndi thobwa, ine ndinawavomera onse awiri.

Koma panatsala wina wofunika kumuthokoza. Masana amenewo ndinapita kukhola, kumene apongozi aamuna ankatsekulira ng'ombe. Ndinagwada chapatali nditayang'ana kumbali.

"Thole," ndinatero, "ukawauze eni ako kuti mwana wakwera pasikelo."

Iwo anakhala nthawi yaitali akumasula chingwe chomwe sichinali chomanga. Kenako analisisita tholelo pamutu.

"Tamva," anatero. "Uwauze apitirize."

Mwanayo atayamba sukulu, apongozi aamunawo anamwalira. Pa zaka zonsezo, kucheza kwathu kunali komweko basi. Pamaliro awo anapha ng'ombe monga timachitira, ndipo inali thole lomwe lija, litakula n'kukhala nkhunzi. Ndinaphika nawo, ndinagawira anthu, koma nyama yake ine sindinadye.