Vinsenti Asankha Fodya Wake

Mwezi wa Meyi nkhungu imagona m'zigwa za ku Malomo mpaka dzuwa litakwera. Ikatero fodya amafewa m'chigafa, ndipo wosankha ayenera kukhala pansi msanga, chifukwa kukatentha tsamba limauma n'kumafumbutuka m'manja.

Vinsenti Kamphinda ankazidziwa zimenezi kuyambira ali mwana. Manja ake ankaidziwa ntchito. Mutu ndiwo unkathawa.

Nthawi ya chipani chimodzi, iyeyu ndiye ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi a chipani. Zipani zitachuluka, palibe anamumenya, palibe anamutukwana. Anthu anangosiya kumupatsa moni. Kuchikamwini ku Msakambewa anamuuza kuti ukwati watha, nabwerera kwawo ndi bulangete limodzi. Kuyambira pamenepo belu la njinga likalira kumsewu, mtima wake unkagunda ngati abwera kudzamugwira. Chamba chimene ankasuta chinkaugoneka mtimawo, koma chinkagonekanso maso. Ankatha kunyamula tsamba limodzi, kuliyang'anitsitsa mitsempha, n'kuiwala mulu womwe amati aliikepo.

Chaka chapitacho belo lake linabwezedwa ku okushoni chifukwa cha masamba osakaniza, ndipo manyazi anagwera kalabu yonse ya alimi, poti fodya amapita m'dzina limodzi.

M'mawa umenewo mlamu wake Agustino, wapampando wa kalabuyo, anaimika njinga pakhomo la chigafa.

"Odi kuno, abwana a makadi! Lero tikusankha, kapena tikungosirira masamba?"

"Ndayamba kale, alamu."

"Mwayamba fodya uti? Wam'chigafayu kapena wamkulu uja?" Agustino ananunkhiza m'mwamba, kenaka analeka kuseka. "Anthu atopa nanu. Ndakudandaulirani mpaka mate kuuma. Belo la chaka chino likabwerera, m'kalabu mwatuluka, ndipo fodya wanu muzikagulitsa kwa mavenda."

"Ndikapanda kusuta ndimamva mapazi, alamu."

"Mapazi a ndani? Ndani angataye nthawi kusaka inu? Anthu ali pa fodya wawo!"

Anakwera njinga napita. Vinsenti anatsala akumvetsera. Kunalibe mapazi. Kunalibe ngakhale munthu wodutsa.

Ndudu ya chamba inali m'thumba la malaya, yopichira kale. Anaitulutsa, naisomeka pamwamba pa udzu wa denga, pomwe sangafike popanda kuimirira. Kenaka anakhala pamkeka, fodya ali pamiyendo.

Mtima sunachedwe kuyamba kugunda. Thukuta linatuluka m'manja ngakhale kunkazizira. Galu atauwa kutsidya, Vinsenti anapeza kuti waika tsamba lofiirira pa mulu wa oyererako. Analichotsa. Posakhalitsa anabwerezanso. Anaimirira, dzanja linafika pa udzu wa denga, nakhala choncho kanthawi. Anakhalanso pansi chimanjamanja.

Ndipo anayamba kutchula mokweza tsamba lililonse asanaliike.

"Lofiirira. Loyererako. Long'ambika. Lofiirira."

Mawu ake anamveka achilendo, poti panali patapita masiku asanayankhule mawu ambiri chotero. Maganizo akathawira kumsika kuja, kwa amayi ena opanda khadi amene anawabweza ndi dengu la tomato pamutu, pakamwa pankaitana maganizowo kuti abwerere ku tsamba. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono, theka la mmene ankasankhira kale.

Mulu wa ofiirira utakwana dzanja, anaubwereza wonse limodzilimodzi, nalinganiza mapesi pabondo. Anasankha tsamba lofewa lomangira, nalipinda m'litali, nakulunga nalo kumapesiko katatu. Nsonga yake anailowetsa pakati pa masamba, nakoka.